Nkhutukumve Wathu Wayamba Kuwerenga

Ndiyambe n'kudziulula ndekha, chifukwa ndikazengereza alipo wina amene andiulule, ndipo masiku ano mwini wakeyo amatha kulemba. Dzina loti Nkhutukumve ndidamupatsa ndine. Mwana wa mlongo wanga, mbumba yangayanga, ine atsibweni ake enieni, koma ndine ndidayamba kumuitana choncho pabwalo. Anthu adaseka, dzina n'kukanirira ngati chisoso pa buluku.

Zifukwa ndidali nazo, kapena nditi ndinkaganiza kuti ndili nazo. Ukamuitana atakufulatira, iye phee, osacheuka. Ukamutuma mchere kugolosale, ankabwera ndi machesi. Tsiku lina ndikukonza khola ndidamukuwira kuti akanditengere nkhwangwa. Adathamanga mwachangu mpaka ine kudabwa, ndipo patapita kanthawi adatulukira akumwetulira, atanyamula mtolo wa nkhwani. Amene adalipo adagubuduka nako kuseka. Ine ndidathyola kamtyapu.

Kusukulu nako zidali chimodzimodzi. Sitandade 2 adaibwereza kawiri. M'kope mwake mudalibe chiganizo ngakhale chimodzi, mudangodzaza malole. Malole aataliatali aja amadutsa mumsewu wa M12 kulowera kuchipata cha Mwami, atawajambula mwaluso, matayala onse okwana, ngakhale tayala lapadera lija limakhala kunsi. Ndidayenera kudzifunsa kuti mwana wowerenga matayala a lole yothamanga angakhale bwanji mbuli, koma funso limeneli silidandifikire. Ndinkangoti mutu ndi wouma.

Sukulu yake sinditchula, ndipo aphunzitsi ake sindiwaimba mlandu. Amene adalowapo m'kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 kumudzi akudziwa mmene mumakhalira: ana opitirira zana atakhala pansi mwendo pa mwendo, mphunzitsi mmodzi, choko chimodzi. Chiyambire 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale ndipo ana m'sukulu adalumpha kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, zipinda ndi aphunzitsi akhala akuthamangira chiwerengero cha ana osachipeza. Ife a nthawi ya buku la Sosa, amene Chingerezi tidachiyambira kwa Timve ndi Tsala, timakonda kudzitama kuti tidaphunzira bwino, koma timaiwala anzathu ambirimbiri amene adatsala kumudzi chifukwa cha fizi. Tsono m'kalasi yodzaza chotere, mwana wamsinkhu wobwereza amamukhazika kumbuyo, kufupi ndi khomo, kuti asatchinge anzake. Mphunzitsi akatembenukira kubolodi n'kumayankhula akulemba, wakumbuyoyo amangoona msana.

Kuno ku Mchinji mwana akalephera sukulu sasowa kolowera, ndipo limenelo ndiye tsoka lathu. Malire ali pamphuno. Achibale tili nawo mbali zonse ziwiri, maliro timalira limodzi, njira zachidule zodutsa m'minda aliyense amazidziwa. Kutsidyako kuli minda ya fodya yofuna manja, kuli makola ofuna abusa. Mnyamata amapita kukaweta ng'ombe za eni chaka chathunthu, malipiro ake n'kudzakambirana akulu okhaokha. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana adakhala pakhomo miyezi yambiri, ndipo pamene zinkatsegulidwanso mu Seputembala ndi Okutobala, ena adali atawoloka kale. Ine monga mwinimbumba ndidaitanitsa kamsonkhano pakhonde la mlongo wanga, n'kunena mawu amene mpaka lero amandiyabwa ndikawakumbukira: "Ameneyu sukulu si yake. Ng'ombe sizifuna mayeso."

Mlongo wanga adapempha kuti tidikire kukolola. Kudikira kumeneko ndiko kudatipulumutsa.

Nthawi yomweyo m'mudzi mudayamba kachinthu kena pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya amfumu. Si nzeru yachilendo ayi. M'maboma ambiri mabungwe ngati World Vision ndi Save the Children akhala akulimbikitsa malo owerengera a m'midzi, kumene ana amasonkhana masana akaweruka, ndipo unduna woona za ana uli ndi malo ake ofanana nawo kumene ana amakasewera ndi kulangizidwa. Boma nalo mu 2016 lidayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira, imene imayambira pa maliwu a malembo n'kumapita ku maphatikizo. Kwathu nzeruyi idafika ndi anthu awiri: mtsikana wina amene adakhoza Fomu 4 koma malo ku koleji osawapeza, ndi bambo wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi amene kukhala chabe kudamutopetsa. Dzina lachizungu la malowa lidatikanika lilime, choncho aliyense ankangoti Pamango.

Tsiku loyamba kudali chisokonezo chokoma. Muyenera kudziwa kuti Mtukula Pakhomo adayambira kuno ku Mchinji mu 2006, maboma ena onse asadamulawe. Chiyambire pamenepo, munthu wa kuno akaona wina wanyamula kope ndi cholembera pansi pa mtengo, mtima umagunda. Mtsikana uja atangoyamba kulemba maina a ana, agogo adatulukira mbali zonse, ena ndi ndodo, ena atatenga ziphaso zaunzika zokulunga m'pulasitiki. Atawafotokozera kuti palibe ndalama, palibe ufa, palibe ngakhale phala, koma a e i o u basi, mzere udasungunuka ngati mchere m'madzi. Agogo amodzi okha ndiwo adatsala, ati poti afika kale, aone mathero ake. Mpaka lero sajomba, ndipo dzina lawo amalemba okha.

Zipangizo zake mukadaziona mukadaseka. Bolodi lidali katoni ya sopo yopaka makala. Malembo ena adawadula pa matumba a feteleza, ena adawaumba ndi dongo la kudambo n'kuwaotcha ngati miphika. Zowerengera zidali zitsekero za mabotolo, zitsononkho ndi nthanga za bwemba. Aphunzitsi opuma aja adatiuza kuti luso limeneli lili ndi dzina lake kusukulu za uphunzitsi, amati TALULAR, kuphunzitsa ndi zimene zili pafupi. Ine ndidati kwathu timangoti kusauka. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi osayankha.

Mlongo wanga adamutumiza mnyamata uja Pamango makamaka pofuna kuti asamangozungulira kumsewu. Sabata ziwiri zisadathe, mtsikana wophunzitsa uja adafika pakhomo madzulo, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa. Adagwada, kupereka moni, kenaka adafunsa mwaulemu:

"Amayi, pepani ndifunse nawo. Mwanayu khutu lidayamba lamuvutapo?"

Mlongo wanga adati inde, kalekale ali wakhanda, khutu linkatuluka mafinya, likaleka n'kuyambiranso. Ankalipukuta ndi nthenga ya nkhuku, nthawi zina kudonthezamo timafuta. Kenaka lidauma lokha, nkhani n'kuiwalika.

"Ndafunsa chifukwa ndaona kanthu," adatero mtsikanayo. "Ndikamayankhula nditamuyang'ana, amayankha bwino kuposa anzake. Maso ake amakhala pakamwa panga. Koma ndikangotembenuka, ndamutaya. Dzulo ndinaima kumbuyo kwawo n'kunena chapansipansi kuti amene akufuna switi aimike mkono. Mikono yonse inakwera kupatula wake."

Ine mpeni udaima pa chinangwa. Mwana wa m'mudzi muno kukana switi? Pamenepo ndiye nkhwani zija zidandibwerera m'mutu. Nkhwangwa, nkhwani. Mwana adamva chiyambi cha liwu, mathero ake n'kungolota, ndipo adathamanga ndi mtima wonse kukatenga chimene adaganiza kuti atsibweni ake akufuna. Ine n'kumulipira mtyapu.

Alangizi a zaumoyo a m'dera lathu adatilembera kalata, tidapita naye kuchipatala, ndipo adatsimikiza: khutu limodzi lidawonongeka kwambiri, linalo limamva koma pang'ono. Adatiuza kuti mafinya a m'khutu osachizidwa ndi amodzi mwa zinthu zimene zimagonthetsa ana ambiri, pamodzi ndi malungo aakulu, chikuku ndi matenda oumitsa khosi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana khumi amene ali ndi vuto la kumva, pafupifupi asanu ndi mmodzi vuto lawo likadapeweka. Pobwerera pa kabaza sindidayankhule. Ndidamugulira mandasi anayi pa Kamwendo, iye n'kumandiyang'ana modabwa kuti kodi atsibweni alodzedwa.

Tsono mverani mankhwala amene adasintha zinthu, chifukwa ndi otchipa mochititsa manyazi. Pamango adasiya kukhala m'mizere, adayamba kukhala mozungulira kuti aliyense aziona pakamwa pa mnzake. Mnyamata uja adamuika mbali imene khutu lake labwino limaloza kwa mphunzitsi. Lamulo lidakhazikitsidwa loti woyankhula aimike mkono kaye, ndipo asayankhule atafulatira kapena ali ndi nzimbe m'kamwa. Liwu lililonse adalipatsa chizindikiro chake cha manja. Pophunzitsa kusiyana kwa "pa" ndi "pha", mtsikana uja ankamugwiritsa kanthenga patsogolo pa milomo kuti aone kakugwedezeka ndi mpweya. Nthenga yomwe ija idathandiza kuwononga khutu, lero ikuphunzitsa maphatikizo! Malembo adongo aja ankawagwira, kuwatembenuza, kuwafola pansi ngati malole pa chipata. Aphunzitsi opuma aja adapita kukaonana ndi ahedi, ndipo Lolemba lotsatira mwana adachoka kukhomo kuja n'kukakhala kutsogolo kwenikweni.

Zonsezi sizidadye ngakhale tambala.

Liwu loyamba kuliwerenga payekha, popanda womuuza, ndidaliona ndi maso angawa. Tidali pa boma, pa siteji, tikudikira galimoto. Ndidangomva wandikoka malaya. Maso ali pa kachikwangwani ka pagalasi la galimoto ina, milomo ikugwedera. "Chi... pa... ta. Chipata! Atsibweni, iyo ikupita ku Chipata!" Adakuwa mwakuti woitanira adathamanga kudzatilanda chikwama poganiza kuti ndife okwera. Ndidachita kulimbana naye kuti atibwezere katundu, uku ndikuseka, uku misozi ili m'maso, anthu n'kumaganiza kuti ndalawa kale m'mawamawa.

Kuyambira tsiku limenelo mtendere udatha. Chilichonse chokhala ndi malembo chidalowa m'mavuto. Thumba la feteleza, kalendala ya kutchalitchi, chitenje cha chipani chimene amayi ake adavala, chikwangwani cha sing'anga chotchula matenda amene mwana sayenera kuwadziwa, zonse ankaziwerenga mokweza, poti mawu ake mwini sawamva bwino kukula kwake. M'minibasi adawerengapo uthenga wa pafoni ya bambo wina amene adakhala naye pafupi. Bamboyo adatsikira panjira.

Mbiri ya Nkhutukumve itamveka, makomo ena adayamba kutseguka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wina wake. Mukadatifunsa ife kale tikadati m'mudzi mwathu mulibe ambiri chotero, chifukwa tinkawerenga okhawo owoneka panja. Kuseri kwa mpanda wina kudali kamtsikana kosayenda, kamene kadakula kakuyang'anira nkhuku ndi mphika wa nyemba ena onse ali kumunda. Agogo ake ankati kukatulutsa n'kukaseketsa. Amayi a gulu loona za ana pasukulu adapitako katatu konse, ulendo wachitatu agogowo adagonja. Anyamata a kabaza adagawana masiku okanyamula ulere, wina Lachiwiri, wina Lachinayi, ndipo amene wajomba anzake amamulipiritsa chindapusa cha mandasi.

Kamtsikana kameneka ndiko kadandichotsa ulemu kachiwiri. Zaka zonse zokhala pakhonde kankaonerera agogo ake aamuna akusewera bawo, ndipo masamu adakhazikika m'mutu mwake mopanda choko. Aphunzitsi opuma aja atazindikira, adakumba maenje a bawo pansi pa mango pomwepo n'kumaphunzitsira kuphatikiza ndi kugawa. Tsiku lina ndikudutsa adandiitana kuti ndiyese dzanja. Ine bawo ndimaitha, mbiri yanga idafika mpaka ku Mkanda. Ndidakhala pansi monyada, n'kunena kuti ndisewera mofatsa poti ndi mwana. Kadandidya nkhomo zonse ndisadatenthe n'pampando pomwe. Ndidapempha kubwereza, kadandidyanso. Ana adaimba nthungululu ngati kuchinkhoswe, ndipo kuyambira pamenepo njira yanga yopita kudimba idasintha.

Kudabweranso mnyamata wachialubino amene kusukulu ankangotsinzina pa buku. Iyeyu adamupatsa malo a mthunzi wokhaokha, malembo ake amawalemba akuluakulu ndi khala lonenepa, ndipo anthu adasonkha kumugulira chipewa chotambalala. Poweruka sayenda yekha. Zimene zakhala zikuchitikira abale athu achialubino m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2014 aliyense akuzidziwa, ndipo ife okhala m'malire sitifuna kuuzidwa kawiri. Anzake anayi amamuperekeza mpaka pakhomo, ndipo poti amayi ake sawabweza chimanjamanja, ntchito yoperekezayi imachita kulimbiranidwa.

Malamulo okomera ana otere alipo, ndipo ndi abwino. Lamulo la anthu aulumali lidakhazikitsidwa mu 2012, lina latsopano lidalowa m'malo mwake mu 2024, ndipo mu 2017 unduna wa maphunziro udatulutsa ndondomeko yoti ana onse aziphunzira limodzi mosasankha. Ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amaphunzitsa aphunzitsi a ana aulumali. Ku Mua m'boma la Dedza kuli sukulu ya ana osamva, ku Chilanga ku Kasungu kuli ya ana osaona. Koma mayi wa kumudzi kuno, amene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka akagulitsa mtedza ndi soya, Mua amamumva ngati dzina la kunja. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110 okha, koma pepala la ku Capital Hill limatha zaka lili panjira. Chimene chidafika msanga pakhomo pathu ndi mtsikana wa katoni yopaka makala. Ndipo apa ndinene mosabisa: mtsikanayu salandira kanthu. Timamulimira ndime imodzi pachaka ndi kumupatsa ndowa za mtedza tikakolola, koma tsiku limene koleji idzamuitane, kapena mwamuna wa maso akuthwa adzamuone, tidzagwira njakata. Aphunzitsi opuma aja ayamba kale kuphunzitsa achinyamata ena awiri, poti mutu umodzi susenza denga.

Denga lenilenilo tidalisenzadi. Mvula yoyamba itabalalitsa ana n'kusungunula malembo osaotcha, amfumu adalamula kuti banja lililonse libweretse mtolo wa udzu ndi mtengo umodzi. Tidamanga chisakasa, khomo lake lotakata, lopanda chopunthwitsa, ndi chimbudzi chokhala ndi chogwirira. Amene adatsogolera ntchitoyi, kukwera padenga ndi kukalipira aulesi, ndi munthu yemwe uja adati ng'ombe sizifuna mayeso. Dzina Pamango silidasinthe ngakhale tsopano ali m'chisakasa.

Mnyamata uja adakhoza kupita Sitandade 3, kenaka 4, osabwerezanso. Malole sadasiye kujambula, koma tsopano amalemba ndi maina a pazitseko zake. Nyengo yogulitsa mtedza amayi ake sapita kwa mavenda popanda iye. Amaima patsogolo pa sikelo, maso tong'o, n'kutchula manambala mokweza mwakuti venda sapeza mpata wozungulira. Wina adayesa kumunong'oneza kuti akhale chete amupatsa ya switi, koma adalakwitsa khutu, adanong'oneza lakufa lija. Mwana adangopitiriza kuwerenga.

Tidamva kuti ku Lilongwe, pa African Bible College, kuli kiliniki ya makutu kumene amayeza ndi kupereka timakina tothandiza kumva. Pabanja tidagwirizana zosonkha ndalama ya ulendo, ndipo ine monga mwinimbumba ndidalonjeza pamaso pa onse kuti zosangalatsa zanga zamadzulo ndaziimika kaye mpaka mwana apite. Adandiombera m'manja.

Loweruka lapitali ndidapita kugolosale ndi mlongo wanga ndi mwanayo kukagula sopo. Mwini golosale adasiya kope lake la ngongole lotsegula pa kauntala, n'kutembenuka kukatenga chenji. Ndidangoona khosi la mwana likutalika.

"Atsibweni, apa alemba dzina lanu!"

Ndidayang'ana kudenga, n'kuyamba kuyamikira malata.

"Alemba kuti Lachitatu, mapaketi awiri. Lachisanu, mapaketi atatu."

Mlongo wanga adaika sopo pansi pang'onopang'ono. "Mapaketi a chiyani, achimwene?"

Ine phee, ngati sindidamve. Ndidatembenuka kuyang'ana kumsewu, kumene kudalibe chilichonse choti n'kuyang'ana. Pamenepo mwana adazungulira, n'kudzaima patsogolo panga. Adaimika mkono monga mwa lamulo la Pamango, adandigwira chibwano kuti maso anga akhale pakamwa pake, ndipo adatchula bwinobwino, phatikizo limodzilimodzi, kuti atsibweni ake asaphonye kanthu:

"Chi. Bu. Ku."